Njira ya ku Guangzhou imayambira pa Malangalanga

Msewu wa Malangalanga umalawirira. Pofika 7 koloko m'mawa zitseko zachitsulo za masitolo zimakhala zitatsekulidwa kale, anyamata a mawilibala akukankha makatoni uku akukuwa kuti anthu apatuke, ndipo wotsika minibasi ku depoti amayamba walambalala milu ya mabeseni ndi zidebe asanaone poponda. Imani pakhomo pa sitolo iliyonse, mutole chinthu chimene chili pafupi ndi dzanja lanu, kaya ndi tochi, loko, fulasiki, chaja ya foni kapena kasola koyatsira mababu atatu, muchitembenuze. Dzina la dziko lolembedwa kunsi kwake n'limodzi lomwelo. Katundu wa ku China wadzaza Old Town yense, kuyambira ku Bwalo la Njobvu mpaka m'mabenchi a msika wa Tsoka m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe.

Koma ambiri mwa ogulitsa katunduyu sanapondeko kumene amachokera. Amapikula kwa munthu amene naye anapikula ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, ndipo dzanja lililonse limene katundu wadutsamo limatapapo pake. Alamu anga ndi mmodzi wa anthu otere. Agulitsa nsapato ndi zikwama ku Area 2 kwa zaka zambiri, ndipo tsopano mpamba wakwana woti akaode okha kugwero. Anandipempha kuti ndiwaperekeze monse mmene munthu wopita ku China amayenera kudutsa asanakwere ndege, kuchokera kuno kumsika mpaka ku Capital Hill.

Tinayambira kwa bambo wina wogulitsa zipangizo zomangira nyumba, amene wakhala akupita ku Guangzhou kuyambira nthawi ya Bingu. Anatikhazika pa zitini za penti kuseri kwa kauntala, n'kutulutsa kope lokutidwa ndi pulasitiki, makona ake opindikapindika. Patsamba lililonse anakhomererapo ndi sitepula khadi la sitolo ya ku China, ndipo pambali pake analemba ndi bolopeni zinthu zitatu: mtengo wa chinthu chimodzi, chiwerengero cha zinthu m'katoni, ndi kukula kwa katoniyo.

"Achemwali, musathamangire tikiti," anatero bamboyo. "Yambani mwadziwa kuti katundu wanu ndi ma CBM angati. Amene sadziwa zimenezi amabwera ndi katundu wokongola, phindu lonse litatsala panjira."

CBM ndi muyezo wa malo amene katundu amatenga m'kontena: mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi, mita imodzi kupita m'mwamba. Makampani onyamula katundu wa panyanja amalipiritsa potengera muyezo umenewu, pamene wa pandege amalipiritsa pa kilogalamu. Kontena ya mafiti 20, ikapakiridwa bwino, imalowa ma CBM pafupifupi 28, ndipo wamalonda wamng'ono sangaidzaze yekha. Amaphatikiza ndi anzake kudzera kwa ajenti amene ali ndi nyumba yosungira katundu ku Guangzhou kapena ku Yiwu. Ogula amatumiza makatoni kumeneko atalembapo dzina ndi nambala ya foni, kontena ikadzaza imanyamuka. Dziko lathu lilibe doko, choncho katundu amatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, n'kulowa pa Dedza, pa Mwanza kapena pa Songwe. Bamboyo anati iye amawerengera miyezi iwiri kapena itatu kuchokera tsiku lopakira kufika tsiku lotsitsa ku Kanengo. Pamwamba pa zonsezi pali msonkho wa MRA, ndipo katundu wina amafunanso chilolezo cha bungwe loona za miyezo la MBS. Iye amayamba wafunsa ajenti wokiliya katundu kuti chinthu chakutichakuti msonkho wake ndi wotani, asanaganize n'komwe zokachigula. Ine ndinaona kuti nzeru yonse ya ulendowu ili m'kope lija, ndipo mwini wake sanaiphunzire m'kalasi.

Anatiuzanso za kalendala, chinthu chimene opita koyamba samachiganizira. Chaka chatsopano cha Atchaina chimagwa pakati pa kumapeto kwa Januwale ndi m'katikati mwa Febuluwale, ndipo mafakitale amatseka kwa milungu ingapo chifukwa antchito amapita kumidzi kwawo. Sabata yoyamba ya Okutobala nayonso ndi tchuthi cha dziko lonse. Wopita nthawi zimenezi amalipira hotela n'kumangoyang'ana zitseko zotseka. Kwa amene akufuna kuonana ndi eni mafakitale maso ndi maso, pali chionetsero cha Canton Fair, chimene chinayamba mu 1957 ndipo chimachitikira ku Pazhou mumzinda wa Guangzhou kawiri pachaka, kuyambira pa 15 Epulo ndi pa 15 Okutobala. Chimagawidwa patatu. Gawo loyamba ndi la makina ndi zamagetsi, lachiwiri ndi la ziwiya za m'nyumba, mipando ndi zomangira, lachitatu ndi la zovala, nsapato, zikwama ndi zachipatala. Munthu amalembetsa pa intaneti asananyamuke, n'kukalandira baji yolowera ataonetsa pasipoti. Koma mitengo ya mahotela imakwera kwambiri nyengo imeneyi, ndipo mafakitale a pachionetsero amafuna ogula zochuluka. Kwa munthu wa mpamba ngati wa alamu anga, bamboyo anati misika ya tsiku ndi tsiku ya ku Sanyuanli ndi ku Xiaobei ikwanira, kapena msika waukulu wa ku Yiwu m'chigawo cha Zhejiang, kumene kuli timasitolo toposa 70,000 ndipo munthu amatha kugula katoni imodzi kapena makatoni awiri pa chinthu chilichonse. Matailosi ndi mipando ndi ku Foshan, mafoni ndi zipangizo zake ndi ku Huaqiangbei mumzinda wa Shenzhen.

Titatuluka m'sitolomo tinalowa kwa wojambula zithunzi. Apa ndi pofunika kunena momveka kuti chithunzicho ndi cha viza ya ku China, chifukwa muyezo wake ndi wakewake: mamilimita 33 m'lifupi ndi 48 m'litali, kumbuyo koyera, makutu ndi chipumi zikuoneka. Alamu anga anachita kubweza duku m'mbuyo, wojambulayo akuti, "Mayi, pang'ono pokha, khutu lakumanzere libwere."

Pamene timayandikira mlatho wa Lilongwe, mnyamata wina anatitsatira akunong'oneza za madola. Apa ndi pamene pali bala la ulendo wonse. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Aliyense wochita malonda amadziwa kuti mtengo wa pamsewu ndi wina, wa kubanki ndi wina. Komabe ndinawagwira mkono alamu anga kuti tipitirire. Ndalama ya pamsewu ilibe lisiti, munthu akhoza kuilandidwa pabwalo la ndege, ndipo pakati pa mapepala enieni pamabisala achinyengo. Njira yolondola ndi kupita kubanki msanga, milungu ingapo tsiku lonyamuka lisanafike, mutatenga pasipoti, tikiti ndi invoisi ya kwa amene mukukagulako. Ndalama yaikulu ndi bwino idutse m'banki kupita ku akaunti ya kampani, ndipo dzina la pa akauntiyo lifanane ndi la pa invoisi. Wogulitsa akanena kuti mutumize ku akaunti ya mlongo wake, pamenepo imani. Polowa m'dziko la China, ndalama zakunja zoposa madola 5,000 zimayenera kulembetsedwa kwa a kasitomu.

Tinawoloka mlatho wa Lilongwe, umene anaukulitsa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo pafupifupi galimoto iliyonse yodutsa pamenepo, Sienta, Vitz, Probox, nayo inachokera konko itagwirapo kale ntchito. Minibasi ya ku City Centre inatidutsitsa mumsewu umene tinazolowera kuutchula Kenyatta, tsopano wotakasuka ndi mizere isanu ndi umodzi. Phokoso la Old Town linatha mwadzidzidzi titafika pa nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, ndipo kutsogolo kunayamba kuoneka nyumba zazitali zotalikirana, pakati pake pali kapinga ndi mitengo.

City Centre ndi malo a mapepala. Likulu la Reserve Bank lili pomwepa, nyumba yokula kumwamba kuposa kunsi. Unduna wa zamalonda uli ku Gemini House, ndipo bungwe la MITC, limene ntchito yake ndi kukopa oika ndalama ndi kuthandiza ogulitsa katundu kunja, lili ku Aquarius House. Alamu anga akhala mu Lilongwe moyo wawo wonse, koma anandiuza kuti maofesi amenewa amangowaonera pawindo la minibasi, poganiza kuti ndi a anthu a mataye okhaokha. Mtima unandipweteka pamenepo, chifukwa makilomita ochepa okha ndi amene amalekanitsa benchi lawo ndi zitseko zimenezi.

Tinayenda wapansi kutsata Presidential Way. Munthu akafuna kuona mmene ubale wa Malawi ndi China unakulira, msewu umenewu ukwanira. Kwa zaka 41 dziko lathu linali paubale ndi Taiwan. Pa 28 Disembala 2007 boma la Bingu wa Mutharika linasainirana ubale ndi Beijing, nkhaniyo n'kulengezedwa mu Januwale 2008. Nyumba ya Malamulo, ya denga lozungulira ija yoyandikana ndi chiliza cha Kamuzu, inamangidwa ndi Atchaina ndipo inatsekulidwa mu 2010. Chapafupi pomwepo pali Umodzi Park, mmene muli BICC ndi hotela yake yaitali. Bwalo la masewera la Bingu ku Area 48 linatsekulidwa mu 2017, ndipo kutali ndi kuno kuli msewu wa Karonga–Chitipa ndi sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo, zonsezi zomangidwanso ndi Atchaina. Kwa wamalonda, chachikulu pa zonsezi n'chakuti viza ya ku China imapezeka konkuno ku Lilongwe, ku ofesi ya kazembe wa dzikolo.

Viza ya wamalonda ndi ya mtundu wa M, pamene ya L ndi ya wokaona malo. Fomu imadzazidwa pa intaneti, ndipo mafunso ake ndi ambiri: ntchito, maphunziro, achibale, kumene mukagone, amene akulipira ulendo. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi yosachepera 6 komanso masamba opanda kanthu. Pepala lofunika koposa ndi kalata yokuitanani yochokera ku kampani ya ku China kapena kwa okonza chionetsero, yokhala ndi dzina lanu monga lilili m'pasipoti, masiku a ulendo, cholinga chake ndi chidindo cha kampaniyo. Kuonjezera apo, konzani setifiketi ya bizinesi yanu ndi sitetimenti ya kubanki. Musanadzaze chilichonse, werengani zimene ofesi ya kazembeyo yalemba pa tsamba lake, chifukwa zofunika zimasintha nthawi ndi nthawi. Ndipo pewani madobadoba olonjeza kalata ya msangamsanga kuchokera ku kampani imene simunalankhulanepo nayo. Kalata yabodza ikagwidwa, dzina lodetsedwa ndi lanu, iwo ali phee kwawo. Viza ikatuluka, werengani zinthu ziwiri: tsiku lomaliza kulowa m'dzikomo, ndi chiwerengero cha masiku amene mwaloledwa kukhalamo. Anthu amasokoneza ziwirizi.

Dzuwa litafika paliwombo tinakhala pamthunzi pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi ndi mtedza wophika, ndipo ndinapempha foni ya alamu anga. Ntchito imeneyi ndi yochitira kuno. Ku China WhatsApp, Facebook, Gmail ndi Google sizitseguka pa intaneti ya kumeneko. Malonda onse amayenda pa WeChat: kutumizirana zithunzi za katundu, kukambirana mtengo, ngakhale kumasulira uthenga wa Chitchaina. Kulipira nako ndi kwa pafoni, kudzera pa Alipay kapena WeChat Pay, ndipo kuyambira mu 2023 zonsezi zimalola mlendo kulumikiza khadi la Visa kapena Mastercard. Funsani banki yanu ngati khadi lanu lili lololedwa kugwira ntchito kunja komanso malire ake. Taxi amaitanira pa DiDi. Alamu anga anadandaula kuti zimenezi n'zovuta kwa munthu wa msinkhu wawo.

"Alamu, inu mumatumiza ndalama pa Mpamba ndi Airtel Money tsiku lililonse," ndinawakumbutsa. "Kusiyana kwake n'kwakuti uko mumaloza kamera pa kachizindikiro, basi."

Anaseka, n'kundiuza kuti ndiwaikirenso pulogalamu yomasulira mawu imene imagwira ntchito popanda intaneti. Tinalembanso papepala zinthu zing'onozing'ono zogula tisanachoke m'tauni: adaputa, chifukwa pulagi yathu ya mano atatu amakona silowa m'masoketi ambiri a kumeneko, nsapato zofewa zoyendera tsiku lonse m'misika, mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndi makhadi a bizinesi. Khadi limaperekedwa ndi manja awiri ndipo limalandiridwa ndi manja awiri, zimene kwa Mmalawi si zachilendo.

Kuchokera pamenepo msewu umakwera pang'onopang'ono kulowa ku Capital Hill. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, ndipo maofesi a paphiripa anamangidwa ndi ngongole yochokera ku South Africa. Ndi nyumba zofananafanana, zosatalika kwambiri, zotambalala pakati pa kapinga ndi mitengo, ndipo nthawi ya nkhomaliro ogwira ntchito m'boma amatuluka m'magulumagulu, ziphaso zili lendelende m'khosi. Ofesi ya Pulezidenti ndi nduna zake ili pano, unduna wa zachuma uli pano, unduna woona za ubale ndi mayiko ena ulinso pano. Ndinawalozera alamu anga unduna womalizawu chifukwa ndiwo umayang'anira ofesi ya kazembe wathu ku Beijing. Munthu akataya pasipoti ku China, kapena akagwa m'mavuto, thandizo limachokera kumeneko. Nambala ya ofesiyo ilembedwe papepala, isangokhala m'foni, ndipo fotokope ya pasipoti ndi viza ikhale m'chikwama china, ina itsale kunyumba.

Tinakhala pakhonde lina n'kukambirana za malamulo a kumene akupita, poti safunsa anadya phula. Mlendo aliyense amayenera kulembetsedwa kupolisi pasanathe maola 24 chifikireni. Mukagona kuhotela, a hotela amachita okha akajambula pasipoti yanu. Mukagona kwa mnzanu kapena kwa ajenti, inuyo kapena mwini nyumba muyenera kupita kukalembetsa kupolisi ya m'deralo. Si hotela iliyonse imene imazolowera kulandira alendo akunja, choncho funsani musanalipire. Pasipoti imayenda nanu paliponse, ngakhale pogula tikiti ya sitima. Kupitirira masiku a viza ndi mlandu: chindapusa chake ndi ma yuan 500 patsiku mpaka kufika 10,000, kapena kutsekeredwa, ndipo pambuyo pake viza ina imavuta. Nambala ya polisi ndi 110, ya ambulansi ndi 120.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinachinena mobwereza mpaka alamu anga anandiyang'ana m'maso. Musanyamulire munthu phukusi limene simunalitsekule nokha, kaya ndi wa kutchalitchi kwanu, kaya wakulipirirani tikiti. Ku China mlandu wozembetsa mankhwala ozunguza bongo chilango chake chimafika pa kuphedwa. Minyanga ya njovu, mamba a ngaka ndi miyala ya mtengo wapatali yopanda zikalata nazo zatsekeretsa anthu kuno ndi uko komwe.

Za ulendo weniweniwo ndi zachidule. Kuchokera pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, ambiri amakwera Ethiopian Airlines kudzera ku Addis Ababa kapena Kenya Airways kudzera ku Nairobi, n'kukatera pabwalo la Baiyun ku Guangzhou. Kuchokera ku Addis Ababa ndi maola pafupifupi 10 muli m'mwamba. Popeza Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la mayiko amene kumapezeka matenda a yellow fever, khadi lachikasu la katemera likhale pamodzi ndi pasipoti. Nthawi ya ku China ili patsogolo ndi maola 6: kuno ikamakwana 8 koloko m'mawa, kumeneko ndi 2 koloko masana. Ku Guangzhou kumatentha ndi chinyontho kuyambira Epulo mpaka Okutobala, pamene ku Yiwu mu Disembala ndi Januwale kumazizira kuposa ku Dedza mu Juni. Madzi a pampopi amayamba awiritsidwa. Ku Xiaobei, kumene sitima ya pansi pa nthaka ya nambala 5 imaima, kuli Aafirika ambiri ndi malo odyera a halaal. Pa zamalonda, mwambo wofala ndi kupereka 30 peresenti poyamba, yotsalayo mutaona katundu. Tsekulani makatoni nokha m'nyumba yosungira katundu ija, muwerenge, muyerekeze ndi sampulo imene munagwirizana. Nsapato zikafika ku Area 2 zili za phazi limodzi, palibe wokamudandaulira.

Potsika phirilo tinadzera m'misewu ya Area 10 ndi Area 43, ya mipanda yaitali ndi maluwa ogwera kunja, kumene kumakhala akazembe ndi akuluakulu a mabungwe. M'misewu yachete imeneyo ndinkaganiza za makontena amene amabwera odzaza, n'kudzifunsa kuti ife timabwezamo chiyani. Kuyambira pa 1 Disembala 2024, dziko la China linachotsa msonkho wolowera pa katundu yense wochokera kumayiko osauka amene lili nawo paubale, ndipo Malawi ali m'gulu limenelo. Tili ndi soya, mtedza, nandolo, chitowe, makademiya, tiyi ndi khofi. Zoonadi mbewu sizingolowa m'dziko la eni, zimafuna mgwirizano wa maboma awiri ndi zikalata zotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo ntchito imeneyo ndi ya anthu a pa Capital Hill. Koma wamalonda amene akupita kale ku Guangzhou akhoza kufunsa mtengo wa chigayo, makina oyengera mafuta a mpendadzuwa kapena osokera nsapato, kuti ulendo wachitatu kapena wachinayi adzabwere ndi chopangira katundu m'malo mwa katundu wopangidwa kale. Ndalama yochepa yakunja imene tili nayo ingagwire ntchito yabwino koposa pamenepo. Alamu anga anati ayamba aona kaye mmene ulendo woyamba uyendere, ndipo anali ndi mfundo.

Zonse zimene tinasonkhanitsa tsiku limeneli zikhoza kukwana pa mapepala awiri. Pempho langa kwa a unduna wa zamalonda, a MITC, a MRA ndi a unduna woona za ubale ndi mayiko ena ndi lakuti akhale pansi pamodzi, azilembe m'Chichewa chomveka, aikepo misonkho ya katundu wofala ndi nambala ya kazembe wathu ku Beijing, ndipo azitengere okha ku Malangalanga, ku Tsoka, ku Limbe ndi ku Mzuzu, kumene kuli amayi ndi abambo amene akusonkha mpamba wa ulendowu.